Dzanja lodziwa kumenya

Anthu akamva kuti ndinaphunzira karate zaka zinayi ku Nchalo, funso lawo limakhala lomwelo: ndiye unamenyapo angati? Ine funso limene limandivuta ndi lina. Munthu akadziwa bwino kuvulaza mnzake, amasanduka woopsa kapena wofatsa? Nanga kufatsa kwa munthu wodziwa kumenya n'kofanana ndi kufatsa kwa munthu wamantha chabe?

Ambirife anatikopa ndi mafilimu a m'mavidiyo shoo. Bruce Lee anamwalira mu 1973 tisanabadwe n'komwe, koma ife tinkamutenga ngati mkulu wathu. Tinkafuna theche louluka basi. Aphunzitsi athu, bambo ena amene anaphunzira masewerawa ali ku Joni, anatiimika miyezi itatu mawondo opinda ngati takwera hatchi, 5 koloko m'mawa, poti kuchigwa kuno dzuwa la mu Okutobala likangokwera silidziwa nthabwala. Anyamata ambiri anathawa mwezi usanathe.

Lero theche lija linapita, m'chiuno munauma kalekale. Chimene chinatsala m'thupi mwanga ndi kudziwa ululu. Pabwalo paja chibakera chilichonse chimene unkaphunzira kuponya, unkayamba wachilandira. Ndikudziwa mmene mpweya umathawira nkhonya ikatera pansi pa nthiti, mmene khutu limalirira tsiku lonse, manyazi ogwa pansi anzako akuona. Izi sizikhala m'mutu ngati vesi yoloweza ayi, zimakhala m'mnofu. Ndiye mkwiyo ukabwera, kaya kondakitala wakubera chenji kapena wina wakutukwanira mayi ako, pamakhala kampata kakang'ono pakati pa mtima ndi dzanja. Kampata kameneka ndi kochepa ngati kuphethira, koma m'menemo umakumbuka chimene dzanjalo likukachita.

Mu Malichi 2016 ku Nsanje gulu la anthu linawotcha anthu asanu ndi awiri powaganizira kuti ankachita malonda a mafupa a anthu. Nkhaniyi ndimaiganizira kawirikawiri. Sindikhulupirira kuti chimene chimapha pa zinthu ngati zimenezi ndi luso la ndewu. Wa m'gulu amaponya mwala ataima kumbuyo kwa anthu khumi, podziwa kuti palibe chimubwerere. Sayang'ana munthuyo m'maso. Pa karate umayamba wawerama kwa amene ukufuna kulimbana naye, muli awiriwiri, ndipo iye ali ndi manja ngati iwe. Munthu amene wazolowera zimenezi zimamuvuta kumenya wogwa kale pansi. Pamenepa ndiye ndimaona kusiyana ndi wamantha uja: wamantha amafatsa akakhala yekha, akapeza gulu ndi amene amayamba kukuwa kuti aphedwe.

Koma ndisakometse zinthu. Gichin Funakoshi wa ku Okinawa, amene anakaonetsa karate ku Tokyo mu 1922, ankaphunzitsa kuti wa karate sayamba ndiye kumenya. Aphunzitsi athu ankabwereza zomwezo mpaka kutopetsa. Chonsecho mnzanga wina amene tinkaima naye mzere umodzi, wolimbikira kundiposa, ndi amene nthawi ya kampeni amamukweza palole kuti akabalalitse msonkhano wa chipani china. Malipiro ake ndi ndalama ya mowa ndi tisheti. Aphunzitsi amodzi, kuwerama komweko, mawu omwewo. Ululu amaudziwa ngati ine, mwinanso kuposa, ndipo n'chifukwa chake amamulemba ganyuyo. Kampata kaja iye alinako. Amangosankha zina akafikamo, ndipo ine amene ndimalandira malipiro pakutha pa mwezi ndimachita manyazi kumuweruza msanga, m'dera limene madzi anakokolola minda mu 2015, mu 2019, kenako Freddy mu 2023.

Palinso china chimene anthu satchula. Maso sapuma. Ndikalowa m'malo odyera pa Dyeratu ndimakhala moyang'ana kukhomo. Munthu akandiyandikira mokweza mawu, ndimakhala ndaona kale mwendo umene waponderapo thupi lake. Mkazi wanga amati ndimakhala ngati mlonda wosalipidwa. Amanena zoona, ndipo mtendere wotere ndi wotopetsa.

Mnzanga uja ndinakumana naye pamsika wa Ngabu chaka chatha. Atandiona anaika mapazi pamodzi n'kuwerama monga tinkachitira kale, nanenso ndinawerama, amayi ogulitsa mlamba wouma n'kumatiseka. Dzanja lake lamanja linali lomanga bandeji. Tinacheza za mtengo wa chimanga.