Nsanja ya Foni ndi Funso la Chilungamo

Nsanja ya foni, kaya ndi ya TNM kapena Airtel, singakhutiritse aliyense nthawi imodzi. Mafunde amene bungwe la MACRA limapatsa kampani ali ndi malire, choncho ayenera kugawidwa. Pa netiweki ya 4G, nsanja imagawa mafundewa ka 1,000 pa sekondi, ndipo wina akamalandira wina amadikira.

Nsanja ilibe maso, imangodalira zimene yauzidwa. Foni iliyonse imayeza mafunde amene akuifika n'kutumiza nambala yoyambira 0 kulekeza 15, yotchedwa CQI. Foni ya wogulitsa tomato pa Mpingu, ngati nsanja ili pafupi, imatumiza nambala yapamwamba. Ya mlimi amene ali kudimba, m'dambo la kutali ku Kabudula, imatumiza yotsika, ndipo uthenga womwewo umadya nthawi yochuluka kuti umufike.

Apa nkhani ya mainjiniya imasanduka ya chikumbumtima. Nsanja itamasankha wa nambala yapamwamba yekhayekha, data yodutsa ingachuluke zedi, koma wakudimba uja angatsale chimanjamanja. Kuwerengera kotere n'kofanana ndi kwa Jeremy Bentham, amene ankayeza ubwino pouphatikiza wonse pamodzi. John Rawls, m'buku lake la 1971, anati dongosolo liziweruzidwa poona mmene wotsalira kwambiri akukhalira. Koma nsanja ikathera nthawi yake pa wakutali, onse amachedwa. Kupatsana mpata ngati pamzere wa pamjigo nakonso kumataya mphindi zimene mafunde anali abwino.

Njira yotchuka kwambiri inachokera pa ganizo limene Frank Kelly wa ku Cambridge analongosola mu 1997. Nsanja imayerekeza zimene foni ingalandire panopa ndi zimene yakhala ikulandira. Amene wakhalitsa osapatsidwa amasendera kutsogolo, ndipo aliyense amatumikiridwa mafunde ake akakhalako bwino. Munthu sapikisana ndi mnzake, amayezedwa ndi muyezo wake womwe, monga m'fanizo la matalente pa Mateyu 25, mmene aliyense anapatsidwa molingana ndi mphamvu zake. Njirayi ndi yanzeru, ngakhale kuti sifafaniza mtunda: wapafupi amalandirabe zambiri.

Zonsezi zimatheka ngati lipoti la foni ndi loona. Foni ya munthu amene ali m'minibasi yopita ku Namitete pamsewu wa M12 imatumiza nambala imene imatha ntchito isanagwiritsidwe, chifukwa mafunde asintha kale. Nsanja imatumiza zoposa zimene foni ingamve, kenako n'kubwereza. Kufunsa pafupipafupi kumathandiza, koma malipotiwo amadyanso mpata wa uthenga. Woweruza sangagamule bwino asanamve, ndipo kumvako kuli ndi mtengo.

Wovutika koposa ndi amene mudzi wake sufikidwa ndi mafunde. Foni yake situmiza nambala iliyonse, ndiye pamzerepo palibe dzina lake. Ameneyu masamu sangamuthandize, akufunika nsanja. Lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, loyendetsedwa ndi MACRA, kuti netiweki ifike kumadera otere.