Thumba la Kudenga

Kuwerenga kwa lero: Masalimo 126

Ndili mwana, munthu wa m'ndime ziwiri zomaliza za salimoli ankandizunguza mutu. Akupita kumunda, mbewu ili m'manja, koma akulira. Kwathu tsiku lobzala ndi la chimwemwe. Mvula yagwa, nthaka ikununkhira, inswa zatuluka, ana akuthamangitsana m'mizere. Nanga iyeyu akuliriranji? Yankho lake ndinalipezera m'nyumba mwathu, kufupi ndi Nsaru, mu Novembala 2001.

Malemu bambo anga anali mkamwini. Anachokera cha ku Nambuma kudzakwatira kwa amayi, ndipo monga mwa mwambo wathu wa Achewa, munda unali wa kuchikazi. Ankanena akuseka kuti pamudzi paja anafika ndi zinthu zitatu zokha: khasu, njinga, ndi mtedza wa Chalimbana umene agogo anawamangira m'kansalu. Fodya ankalima chifukwa cha ndalama za ku okushoni ku Kanengo. Bawo ankasewera tsiku la msika, ndipo sankagonja wamba. Koma ukafuna kuwaona nkhope ikuwala, unkayenera kuwapeza pakhonde chakumadzulo, lichero lili pamiyendo, akusankha mbewu ya mtedza.

Ankatenga umodziumodzi, kuugwedeza pafupi ndi khutu, kuutembenuza, kenaka kuuponya mwina kumanja mwina kumanzere. Wa kumanzere unali wotendera ndiwo ndi wokazinga. Wa kumanja unkalowa m'thumba lomwe ankalipachika kudenga, kutali ndi makoswe ndi manja a ife ana. Sankauswa mpaka mitambo itayamba kusonkhana. "Khokoli ndi nyumba yake," ankatero, "mwana satulutsidwa panja nthawi isanakwane." Ankabzala ndi mvula yoyamba, mothithikana, chifukwa nsabwe zofalitsa matenda a kadukutu zimakonda munda wa mipata ndi wobzala mochedwa. Mtedza wofiira wa CG7 utafika kuchokera ku Chitedze anaulandira bwino, koma mizere ingapo ya Chalimbana sinkasowa. Ndipo tsiku lina atandipeza ndikuwaza madzi pa mtedza wogulitsa kuti usavute kuswa, anandilanda chidebe. "Iwe, madziwo amabweretsa chuku. Wogula sakuona, koma phala lakelo adzamwa mwana wa munthu."

Chaka cha 2001 chimanga sichinachite bwino, mvula inachuluka. Pofika Novembala nkhokwe yathu inali itayera, ndipo mtengo wa chimanga pamsika unkakwera sabata ndi sabata. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, kenaka phala la gaga. Bambo ankalawira m'bandakucha pa njinga kukafuna ganyu mpaka cha ku Mpingu, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. Usiku tinkagona chagada, maso ali pa thumba lija.

Ndine amene ndinalankhula. "Bambo, kodi tife mtedza uli pamutu pathu?" Amayi anandiyang'ana ndi diso londiletsa, koma mawu anali atatuluka kale. Bambo anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anaimirira, natsitsa thumba, natapamo mbale imodzi n'kupatsa amayi kuti asinjire phala la mlongo wanga wamng'ono. Anamanganso thumbalo, nati: "Uwu wotsalawu si wathu. Ndi wa ana amene adzakhale ndi njala mu Meyi." Ndinawakwiyira. Ndinkaona ngati amakonda mtedza kuposa ife.

Mvula itagwa tinapita kumunda tonse. Bambo anali kutsogolo, akuponya njere m'mapando, ine pambuyo ndikukwirira ndi phazi. Pa mzere wina anawerama nthawi yaitali kuposa masiku onse, ndipo atadzuka ndinaona masaya awo ali onyowa. Sanapukute. Anangopitiriza kubzala. Anali kukwirira m'dothi chakudya chimene ana awo akanadya usiku womwewo, popanda wowalonjeza kuti mvula ipitirira. Munthu wa mu salimo uja ndinamuona ndi maso tsiku limenelo.

Ndisaname pamaso pa Mulungu, miyezi yotsatira inali yowawa koposa. Mu Febuluwale 2002 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu anadya zitsa za nthochi, ndipo m'midzi yathu maliro ankachitika motsatizana. Ena mwa amene tinawaika m'manda anali opemphera kuposa ife, ndipo anabzalanso mbewu yawo ndi mtima womwewo, koma sanafike pokolola. Nchifukwa chake ndimaopa kuwerenga salimoli ngati pangano la pamsika, loti lira chakuti ulandire chakuti. Amene analiimba anali atabwerako kuukapolo, akukumbukira tsiku limene zinali ngati maloto, komabe pa ndime yachinayi akupemphabe kuti Mulungu awabwezeretse monga amadzazira mitsinje youma ya kuchipululu cha kummwera. Akuimba za mitolo ya zokolola ali ataima m'khwawa louma. Chimwemwecho sanachigwire m'manja, akuchidikira kwa Iye amene anawachitirapo zazikulu kale.

Bambo sankadziwa kulalikira. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo, chipewa chili pabondo, ndipo sindikumbukira atatsogolerapo pemphero lalitali. Ndinatenga zaka kuti ndizindikire kuti chikhulupiriro chawo chinkapachikidwa kudenga kuja. Chaka chilichonse ankapatula zabwino koposa n'kuzikaniza mimba yawo, chifukwa ankakhulupirira kuti Mulungu adzabweretsanso mvula, ndipo kuti kudzakhala anthu odzadya ngakhale iwo atapita.

Bambo anatisiya mu Okutobala wa chaka china, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe. Titasesa maliro, amayi anandituma kuti nditsitse thumba lija. Linali lodzaza, mbewu yosankhidwa kale, umodziumodzi. Manja a bambo anali atafooka kwambiri miyezi yomaliza, ndipo sindidziwa kuti anatha masiku angati ali pakhonde paja. Ankadziwa bwino kuti mtedza umenewo sadzaulawa. Mvula yoyamba itagwa ndinakhala kutsogolo ndine, mwana wa mlongo wanga akukwirira pambuyo, ndipo nditafika pakati pa munda ndinalephera kuona phando.

Mwina inunso lero mwadzuka ndi chisoni chokumbukira bambo anu amene anagona. Musathamangire kuchichotsa. Khalani nacho pang'ono pamaso pa Ambuye, ndipo mukumbukire chinthu chimodzi chimene manja awo ankakonda kuchita, kaya kusoka ukonde, kukonza njinga, kuweta ng'ombe za pangolo, kapena kuimba kwaya. Ankati chiyani akamachita zimenezo? Anadzimana chiyani chimene inu simunachione nthawi imeneyo? Ngati bambo anu anakusiyirani mabala ambiri kuposa mbewu, zimenezonso muuzeni Mulungu monga zilili, pakuti Iye sadabwa ndi misozi ya kumunda.

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, ndikukuthokozani chifukwa cha bambo anga, chifukwa cha lichero lawo, njinga yawo ndi mbale imodzi ija anatapira mlongo wanga. Mundikhululukire mawu amene ndinawalankhula usiku wa njala. Kumbukirani mabanja a ku Kabudula, ku Namitete ndi konse kumene nkhokwe zatha mvula isanagwe, ndipo mutsegule dzanja langa kwa iwo. Tonthozani amayi amasiye amene chaka chino atsitsa okha thumba la kudenga. Tipatseni mvula pa nthawi yake, m'dzina la Yesu Khristu. Amen.