Mapu a Kalulu ndi Mapazi a Fulu

Padangokhala mudzi wina m'mbali mwa phiri la Thyolo, pomwe mizere ya tiyi imathera n'kuyamba timinda ta nthochi. Nyama za m'mudzimo zinkadalira esiteti: kulawirira dengu kumsana, madzulo kukaimirira pasikelo.

Namondwe wa Ana atadutsa mu Januwale 2022, kukhonsolo kunachokera uthenga wakuti komiti yoona za ngozi m'mudzi uliwonse ikonze njira yothawira. Kalulu, mlembi wa komiti, ankakonda misonkhano, makamaka ya alawansi. Anapita kuboma n'kubwerako ndi wezulo ndi chipepala chachikulu cha mapu.

"Nkhani yatha," anatero pabwalo. "Wezulo ikalira, tonse tiwoloke paulalo tikasonkhane kusukulu. Ndayesa ndekha, ndi mphindi 10 basi."

Gogo Fulu, amene anakalambira m'tiyi, anatulutsa mutu. "Mwana wanga, mphindizo unayesa ndi miyendo ya yani?"

Nyama zinaseka, koma gogo sanaseke. "Ine ndinali ku Phalombe mu Malichi 1991, Napolo atatsika m'phiri la Michesi. Amadza ndi matope ndi miyala yoposa nyumba, ndipo ulalo ndiye ndiwo zake zoyamba."

"Agogo, zimenezo n'zakale. Mapu awa ali ndi chidindo."

Nyakwawa Nungu anagamula kuti Lamulungu, tsiku lopanda ntchito, mudzi wonse uyende njirayo. Ha! Zinaoneka zoona. Njoka sanamve wezulo, poti alibe makutu. Mfuko, wa maso ofooka, analowera kudimba. Nkhuku anabwerera kawiri kukasaka mwanapiye. Nanzikambe dzuwa linamulowera asanafike n'komwe pamtsinje. Mbuzi ndiye anakaniratu: "Ndisiye chimanga changa m'nkhokwe kuti Fisi adzakolole? Bola madziwo andipeze pano." Ndipo musamuseke Mbuzi, pakuti ambiri amene amakana kusamuka si ogontha ayi, amaopa kubwerera kunyumba yopanda kanthu.

Anakhalanso pansi, ulendo uno wotsogolera zokambirana ali Fulu. Sukulu anaisiya, nasankha tchalitchi cha pamtunda, tsidya lomwelino, kutali ndi phompho ndi khwawa. Aliyense woyenda movutika anamupatsa womunyamula, wotchulidwa dzina pagulu kuti asadzakane. Gwape analandira Nanzikambe, Bulu analandira Mfuko, ndipo Khoswe, ngakhale ankanjenjemera, anavomera zokagogoda kwa Njoka. Agalu awiri analonjeza kulondera nkhokwe ali pachitunda. Nyakwawa anakagwada kwa kapitawo kupempha thirakitala yonyamula masamba. Mfundo yomwe inavuta inali ya nthawi yonyamukira. Fulu anaumirira kuti a zanyengo akangochenjeza pawailesi, ulendo uyambike kukadawala, ngakhale pabwalo pali pouma.

"Nanga mvulayo ikapanda kubwera?" anafunsa Kalulu.

"Tidzakhala tagona m'tchalitchi usiku umodzi. Ndani anafa nazo?"

Kalulu analemba zonsezo, koma mapu ake akale anawapinda bwinobwino n'kuwasunga pansi pa mphasa.

Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, namondwe amene anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi, kugumula mapiri ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mvula inagwa usana ndi usiku osapuma. M'mudzi muja thirakitala inali itanyamuka kale masana, Fulu ali pamwamba pa matumba a ufa, Mbuzi akung'ung'udza kumbuyo. Kalulu anatsala. "Pitani, ndikupezani. Ine ndi mphindi zochepa."

Pakati pa usiku phiri linabangula. Kalulu anatola mapu ake, ndipo chifukwa cha mantha miyendo inamutengera njira yomwe inkaidziwa, ya kusukulu. Ulalo panalibe. Pobwerera anapeza khwawa ladzaza, nakwera pachulu, n'kuchezera pomwepo mano akugundana.

M'tchalitchi Nyakwawa anaitana mayina, ndipo linasowa limodzi. Kutacha, Bulu ndi agalu anatsika ndi chingwe n'kumukoka m'matope, chipepala chija chitasanduka phala m'manja mwake.

Analowa makutu ali pansi, akudikira chitonzo. Fulu anamusunthira malo pafupi ndi mbaula, namupatsa kope louma ndi pensulo.

"Uyambe wamwa tiyi, mwana wanga. Ukatha ulembe mabanja onse ndi ana awo. A DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi, akabwera ndi thandizo adzafuna mayina, ndipo wodziwa kulemba pano ndiwe."