Njinga Imasiya Liti Kukhala Njinga?

Pa 31 Disembala 1895, boma la America lidapatsa Ogden Bolton Jr. wa ku Ohio chiphaso cha umwini wa luso lake: njinga yokhala ndi mota yamagetsi pakati pa gudumu lakumbuyo, batire ili lende pa felemu. Patha zaka zoposa 125, pa njinga zambiri malo a motayo akadali omwewo. Chasintha ndi mphamvu. Lero munthu amaitanitsa pa intaneti gudumu la QS Motor kapena MXUS kuchokera ku China, la mawati 3,000, n'kulimanga pa njinga yomwe idapangidwira miyendo. Chonsecho munthu wamba, akamapalasa ulendo wautali, amatulutsa mawati 100 kapena 150 basi.

Gudumu lotere silibwera lokha, limaitana anzake. Ekiselo ya mota imasemedwa mbali ziwiri kuti ikhale nji m'timipata ta felemu. Mota ikamakankha gudumu kutsogolo, ekiseloyo imalimbana kuti itembenukire kumbuyo, ndipo timipata ta aluminiyamu timayamba kuyasama pang'onopang'ono. Tsiku lina ekiselo imazungulira, n'kupota mawaya otuluka m'kati mwake mpaka kuwadula, mwinanso gudumu n'kuguluka munthu ali pa liwiro. Ndiye mwininjinga amamanga tizitsulo tolimba totchedwa torque arm mbali zonse ziwiri. Kenako masipoko ayamba kuduka, agula okhuthala. Mabuleki alephera, aika ena. Batire ya mavolti 48 achotsa, aika ya 72, ndipo kontirola, kabokosi kolamulira magetsi opita ku mota, nayo iyenera kusinthidwa. Pomaliza felemu yeniyeniyo yachepa. Zakale zotsala mwina ndi chishalo ndi mapedulo.

Wolemba wakale Plutarch adalemba za ngalawa ya Theseus, yomwe anthu a ku Athens adaisunga zaka mazanamazana. Thabwa likawola ankalichotsa n'kukhomapo latsopano, mpaka anthu oganiza mozama adayamba kutsutsana ngati idali ikadali ngalawa yomwe ija. Nkhaniyi imakoma kuitchula pano, koma siikwanira. Anthu a ku Athens ankabwezera thabwa pa thabwa, ngalawa n'kumachita zomwe inkachita kale. Wamota uja, chilichonse chomwe wasintha chasinthanso zomwe njingayo ingathe kuchita. Apa woganiza mozama wakale Aristotle ndiye athandiza: kwa iye chinthu chimadziwika ndi ntchito yake, moti diso losaona ndi diso m'dzina lokha. Mapedulo a njinga yothamanga makilomita 70 pa ola ali chimodzimodzi. Miyendo siingafike pamenepo. Mapedulowo angotsala kuti wapolisi awaone.

Pali kachinyengo kena kodziwika pakati pa okonda zimenezi. M'kati mwa kontirola muli kawaya kotchedwa shunt, komwe kontirolayo imayezera kuchuluka kwa magetsi odutsa. Munthu amatenga chowotcherera n'kupaka mtovu pa kawayako. Kontirola imayamba kuwerenga magetsi ochepa pamene akudutsa ambiri, ndiye imatsegula mpopi. Njinga imanyamuka mwaukali, mwiniwake n'kumamwetulira. Koma kopa wa m'mawaya sanamizidwa. Magetsi akawonjezeka kawiri, kutentha m'mawaya a mota kumawonjezeka kanayi. Vanishi wa mawaya amada n'kuyamba kununkha, maginito amafooka osabwereranso. N'chifukwa chake kampani ya Grin Technologies ya ku Vancouver imagulitsa Statorade, timadzi tokokedwa ndi maginito tothira mu mota kuti kutentha kuzitulukira kunja.

Wanamiza kontirola, wapsetsa mota yake, ndalama ndi zake. Vuto lili pa bodza lachiwiri, louza msewu.

Njinga ili ndi ufulu umene galimoto ilibe. Siifuna laisensi, nambala kapena inshuwalansi, ndipo m'mizinda ya ku Ulaya imadutsa m'tinjira take pafupi ndi ana ndi okalamba. Ufuluwu sudabwere chifukwa cha maonekedwe a felemu. Udabwera chifukwa munthu amatopa. Wakabaza aliyense amadziwa pomwe mwendo umalekezera pa chitunda, ndipo malire amenewo ndiwo amateteza woyenda pansi. Womanga mota ya mawati 3,000 wachotsa kutopa koma ufulu wa wotopa wausunga. Mphamvu yomwe njinga imagunda nayo pa makilomita 50 pa ola ndi kanayi kuposa ya pa 25, ndipo pa 75 ndi kasanu ndi kanayi. Wowoloka msewu akaona njinga patali amayerekeza nthawi potengera njinga zonse zomwe adaziona m'moyo wake, n'kuponda phula.

Okonda mamotawa ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Amati malire a lamulo sadatsike kumwamba. Mayiko a European Union amalola mawati 250, mota n'kuleka kuthandiza pa makilomita 25 pa ola. Britain ili pomwepo. Koma lamulo la America la 2002 limalola mpaka pafupifupi mawati 750 ndi makilomita 32 pa ola. Kodi njinga yolungama ku Chicago isanduka yochimwa ikafika ku Paris? M'chaka cha 2024 boma la Britain lidafunsa anthu maganizo ake pa zokweza malirewo kufika pa mawati 500, kenako lidaileka nkhaniyo. Ndipo wonyamula katundu pa chikweza amafunadi mphamvu, osati yodzionetsera.

Zonsezo n'zoona, koma zikungoonetsa kuti mzerewo ukhoza kusunthidwa. Pakati pa 250 ndi 750 anthu anzeru akhoza kukangana tsiku lonse. 3,000 ili kutali ndi mkangano umenewo. Luso lomanga makina otere si tchimo ngakhale pang'ono, ndipo ambiri omanga amadziwa magetsi kuposa owadzudzula. Chokayikitsa ndi kufuna kuti makinawo azionekabe ngati njinga ya agogo.

Njira yoonekera ilipo. Ku Germany njinga yamagetsi yofika makilomita 45 pa ola imaloledwa, koma imakhala ndi kanambala ka inshuwalansi kumbuyo, wokwera amavala chipewa choteteza mutu ndipo amakhala ndi laisensi. Ku France, chiyambire lamulo la kumapeto kwa 2019, wochotsa chotchinga liwiro pa njinga yake akhoza kulipitsidwa mayuro 30,000 ndi kukhala m'ndende chaka chimodzi.