Kodi chisangalalo changa akulipira ndani?



Tchuthi chathachi tinachoka ku Leicester kupita ku Alton Towers, ine, mng'ono wanga ndi msuweni wathu. Kumeneko kuli roller coaster yotchedwa Spinball Whizzer, yomwe inatsegulidwa mu 2004. Kangolo kake kamanyamula anthu anayi, awiriawiri mofulatirana, ndipo kakamathamanga m'njanji kamazunguliranso pakokha. Chokazungulitsa si injini ayi, koma kulemera kwa okwerawo. Mbali imodzi ikalemera kuposa inzake, kamazungulira kwambiri.

Ine ndinkadziwa zimenezi. Ndiye ine ndi msuweni, tonse zibaba, tinakhala mbali imodzi mwadala, mwanayo yekha kumbuyo. Tinaseka mpaka misozi. Titatsika, iye miyendo ili njenjenje, anangoti, "Achimwene, mumadziwa eti?"

Funso limenelo silinandichoke. Poyamba ndinkadziikira kumbuyo kuti njanjiyo sindinamange ine, komanso anakwera mwa kufuna kwake. Zoona. Koma iye anavomera kukwera basi, sanavomere kuti ndimuwonjezere chizungulire. Anandikhulupirira, ine n'kupezerapo mwayi pa zomwe sankadziwa.

Njanji zambiri za moyo sitisankha: banja lomwe tabadwiramo, dziko, matenda. Koma malo okhala m'ngolomo timasankha tokha. Nthabwala ya pagulu la WhatsApp yomwe tonse taseka kupatula mmodzi, ngongole yomwe tikuzengereza kubweza mwini wake akugona ndi njala: kumeneko n'kulemera kwathu.

Ndinam'pepesa, ndipo anandikhululukira. Nanga inu, kulemera kwanu kukuzungulitsa ndani lero?