KODI CIKOPA COSAKWANIRA NCACABE?

M'midzi yathu yozungulira Phalula mumamveka mau akuti, "Mwana wa uje anabaidwa katemera wa malungo, koma taonani ali gone ndi malungo omwewo; kodi sanatinyenge anthu aja?" Mau awa sayenera kusekedwa iai, pakuti owanena ndiwo amai amene anayenda mtunda wautali padzuwa, mwana ali kumsana. Ndipo pansi pa mauwo pagona funso lalikuru: kodi nkulungama kuitanira anthu ku mankhwala amene eni ace avomereza kuti sateteza kotheratu? Nanga ife, podziwa cotero, kodi tiri nao mangawa a kuwalandira?

Tiyambe ndi zimene zinacitika. Pa 23 April 2019 dziko lathu la Malawi linakhala loyamba pa dziko lonse lapansi kupatsa ana katemera wa malungo ku sikelo, dzina lace RTS,S. Ndipo Ghana ndi Kenya anatsata m'caka comweco. Maboma 11 anasankhidwa kuno, ndipo Balaka ndi Machinga anali mwa iwo. Asanafike kwa ife, katemerayu anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'maiko 7 a m'Afrika, ena a iwo a ku Lilongwe, kuyambira 2009 kufikira 2014. Ndipo oyesawo sanabise cimene anapeza: mwa matenda 10 a malungo amene akadagwira ana olandira katemera kanai konse, anapewedwa 4 okha m'zaka zinai; mwa malungo akuru 10, aja okomola mwana ndi kummaliza mwazi, anapewedwa 3.

Cowerengero ici cioneka cacing'ono kwa ife amene tinazolowera akatemera ena. Akuru athu ali ndi cipsera pamkono, ndipo nthomba inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse mu 1980. Katemera wa cikuku ateteza ana oposa 9 mwa 10. Koma kacirombo ka malungo nkocenjera koposa. Udzudzu waukazi ukaluma usiku, kalowa m'thupi nkuthamangira ku ciwindi, nkubisala m'menemo monga sabata limodzi kalikuswana, ndipo potulukira m'mwazi kakhala katasintha maonekedwe ace. Katemera aphunzitsa thupi kuzindikira cobvala cimene kacirombo kabvala pa ulendo woyamba uja, kasanalowe m'ciwindi. Tsono ngakhale towerengeka tikapulumuka, malungo adza ndithu. Nchito yomkonza inayamba mu 1987, natha zaka zoposa 30 asanafike ku sikelo. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo anthu aja anadekhadi.

Tsono lingalirani asing'anga awiri. Woyamba anena, "Mankhwala anga salephera." Mwana akafa, iye sasowa coyankha: mwina amace anathira mcere m'ndiwo ali osayenera, mwina pali wina pamudzi wa mtima woipa. Mlandu ugwera ena masiku onse, ndipo mankhwala atsala oyera. Waciwiri awerenga ociritsidwa, nawerenganso akufa, nauza anthu ziwerengero zonse ziwiri, cingakhale cocititsa manyazi. Ndani wa awiriwa ayenera kumkhulupirira? Mtima wa munthu wosautsidwa uthamangira woyamba, pakuti mau ace atonthoza. Koma ine nditi waciwiri yekha ndiye atiyesa anthu anzeru, okhoza kumva coonadi ndi kusankha tokha. Tinaona cotere pa mankhwala a chloroquine, amene anaciza malungo zaka zambiri: mphamvu yace itacepa, madotolo anawerenga ana osacira, nanena poyera, ndipo mu 1993 Malawi analeka kuwagwiritsa nchito monga mankhwala oyamba, asanatero maiko ena onse a m'Afrika. Nzeru yokhoza kunena kuti "apa ndalephera" ndiyo yokhoza kudzikonza. Ndipo cifukwa ca kuwerenga kotero tinalandira LA mu 2007.

Koma pali cina cobvuta koposa, ndipo ndifuna tikhalitse pamenepa. Atawerenga m'maiko atatu aja, m'mene ana oposa 2,000,000 analandira katemerayu, anapeza kuti imfa za ana a msinkhu womlandira zinacepa ndi 13 mwa 100 ziri zonse. Amenewo ndi ana enieni, ali ndi maina ao, ndipo lero alikutola malambe ndi kuthamangitsa mbuzi. Koma palibe munthu angaloze mmodzi wa iwo ndi kunena, "Uyu ndiye akadafa." Amace omwe sadziwa. Manda amene anakumbidwa aoneka, ndipo mudzi wonse ukumbukira maliro ace. Manda amene sanakumbidwe alibe malo, alibe woimbapo nyimbo. Cifukwa cace mwana mmodzi wodwala atabaidwa amveka kufikira kumsika, pamene ana opulumuka sapanga phokoso ndi pang'ono ponse. Ngati tiweruza ndi maso okha, tidzaweruza mokhota nthawi zonse, osati cifukwa ca kuipa mtima, koma cifukwa mboni za mbali imodzi sizitha kufika pabwalo.

Ndipo tisaganize kuti ana 4 atsekeredwa m'linga ndi 6 atsala kunja. Si tero. Mwana ali yense wolandira acepetsedwa ngozi yace, ndipo palibe mmodzi woicotseratu. Mlimi wa thonje adziwa ici bwino: apopera munda wace, mbozi zina zitsalabe, koma sanena kuti kupopera nkwacabe, ndiponso saleka kupalira cifukwa anapopera.

Wina adzati, "Wosunga mwana ndiye Mulungu." Indetu, koma Bishopu Mackenzie wa ku Magomero sanali wocepa cikhulupiriro, ndipo anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862, kumene Ruo athira m'Shire, bwato lace litagubuduka ndi mankhwala ace atatayika m'madzi. Anzace sanati kwinini ngwosafunika. Analira kuti panalibe.

Cotsutsa cimene ndiciyesa colemera ndi ici, kuti mtolo wonse ugwera mkazi. Katemerayu afuna maulendo anai: mwana ali ndi miyezi 5, 6, 7, ndipo kotsiriza ali ndi miyezi 22. Atatu oyamba agwa pa nthawi imene amai apita kale ku sikelo. Koma wacinai afika mwana atayamba kuyenda, atalemera kumsana, kapena pali kale mng'ono wace, kapena ndi nyengo yobandira. Ndipo ambiri amaphonya ulendo umenewu, ngakhale ndiwo utalikitsa mphamvu ya atatu aja. Kuuza mkazi wotere kuti ali ndi mangawa, mwamuna wace ali ndi njinga yonyamulira makala kumka nao kumseu wa ku Zalewa, ndiko kuweruza kosalungama. Ngati mangawa alipo, ali pa banja lonse, ndipo njinga yosenza matumba atatu siingalephere mwana wa miyezi 22 ndi amace.

Ife aphunzitsi, akuru a mpingo ndi mafumu tiri ndi mlandu wathu wa patokha. Pofuna kukopa anthu, nkwapafupi kuima pamsonkhano ndi kunena, "Malungo atha, bwerani nao ana." Wonena cotero wasanduka sing'anga woyamba uja, ngakhale mankhwala m'dzanja lace ali oona. Bodza lace libala zoipa ziwiri: amai ena apinda masikito nawaika pansi pa mphasa, kapena achingira nao mbeu za tomato, poyesa kuti safunikanso, ndipo mwana woyamba kudwala agwetsa cikhulupiriro ca mudzi wonse. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, pobvomereza katemerayu pa 6 October 2021, ndi wina dzina lace R21 mu October 2023, linanena kuti aonjezedwe pa masikito ndi mankhwala, asalowe m'malo mwace. Tiyenera kunena comweco pamsonkhano, ndi ziwerengero zace zomwe, 4 mwa 10, ngakhale sizikoma m'khutu monga lonjezo lathunthu.

Ndipo tiwauzenso amai ici: mwana akatentha thupi, cingakhale buku lace la kucipatala lalembedwa kanai konse, apite naye tsiku lomwelo akayezedwe mwazi pa cala, osadikira kuti kuce kawiri, pakuti malungo akuru akhoza kumgwira mwana wosewera m'mawa, namkomola dzuwa lisanalowe.