Kalumo ka mlendo m'mbali mwa Sakubva

Makolo anatisiyira miyambi iwiri yosamvana. Wina umati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, winawo umati mlendo ndi mame. Nanga munthu wongodutsa kwa eni masiku ochepa ali ndi ufulu wanji wodzudzula zimene waona?

Funsoli limandisautsa ndikakhala ku Mutare, m'dziko la Zimbabwe, pamene ndiyenda wapansi kuchoka ku Fairbridge Park kukafika kumene mtsinje wa Sakubva umadutsa. Tinjira ta m'mbali mwa madzi tinapangidwa ndi mapazi a anthu othamangira kuntchito, amayi osenza madengu ndi ana asukulu odula njira. Ine ndimayendamo pofuna kupitidwa mphepo, pomwe ambiri a iwo ya basi yawasowa.

Kalumo kanga sikachedwa kupeza pometa: majumbo otayidwa m'madzi, fungo, chimanga cholimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni. Lamulo la Zimbabwe limaletsa kulima pamalo osakwana mamita 30 kuchokera kumtsinje, ndipo chifukwa chake n'chomveka, pakuti dothi likakokoloka mtsinje umakwiririka ndi mchenga. Zonsezi n'zoona. Koma ine Lolemba ndikwera basi, mwini dimba atsala ndi ana ofuna nsima. Chidzudzulo changa sichindidyera ngakhale tambala, pomwe iye akachimvera nkhokwe yake ichepa.

Dzina la dera limene ndimafikirali limandichenjezanso. Kingsley Fairbridge anakulira kuno mzindawu ukutchedwa Umtali, bambo ake ali woyeza malo. Atayang'ana mapiri ndi zigwa za kuno, iye anaona dziko lopanda anthu lofunika alimi achizungu, ndipo mu 1909 anayambitsa ku Oxford bungwe lotumiza ana osauka a ku Britain kumayiko a atsamunda. Komatu Amanyika analipo, ndi minda yawo ndi manda awo. Maso ake anali akuthwa ndithu, kungoti anaona chimene mtima wake unkafuna. Chipilala chake chimene chinaimikidwa pa Christmas Pass mu 1953 chinachotsedwa dziko litalandira ufulu, koma dzina latsala.

Kunalinso alendo a mtundu wina: agogo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu, panjanji ndi m'nyumba za azungu. Kwathu tinawatcha matchona, kuno amawanena kuti mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre. Amenewa mame ao sanakamuke. Anamwa madzi a kuno, anaika ana awo m'manda a kuno, komabe lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ambiri a ana awo alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo atsopano a 2013 anawatsegulira njira. Ngati munthu wa zaka 60 pamalo ankauzidwabe kuti si wa kuno, ine wa sabata imodzi ndiyambira pati?

Komabe sindikhulupirira kuti kutseka pakamwa ndiwo ulemu. Madzi oipa amatsikira kwa ena a kumunsi amene sanataye kanthu, ndipo mphuno ya wokhala pamalo imazolowera fungo. Chimene ndimakana n'kuyambira pa mayi wa dimba chifukwa choti ndiye ali pafupi ndi njira. Zonyansa za m'mipope yophulika sizichokera m'khasu lake. Iyeyo ndimamupatsa moni, n'kumufunsa chaka chimene anayamba kulima pamenepo, ndiponso mmene madziwo ankaonekera nthawi imeneyo.